Sitani Zovala Dzuwa Likuswa Mtengo

Aliyense amene anakhalako kwa Kadewere, kapena pa misika ya m'boma la Chiradzulu monga Thumbwe ndi Namitambo, akudziwa zimene zimachitika dzuwa likangolowa. M'nyumba zimene muli magetsi a ESCOM, mayi amatereka mphika pa hotipuleti, mwana wa sukulu amalumikiza ayironi kuti asite yunifolomu ya mawa, wina amayatsa ketulo kuti afunditse madzi osamba, bambo nawo amatsegula TV kuti amve nkhani. Ku msika magolosale ndi malo oonetsera mpira amayatsanso zawo. Posakhalitsa babu limayamba kufooka, kuwala kwake n'kufanana ndi kwa koloboyi. Tsiku lina magetsi amangothimiratu nyemba zisanapse, ndipo mwana amatumidwa kuthamangira makala mumdima.

Tonse timadandaula zikatero, koma si kawirikawiri pamene timafunsa chifukwa chake vutoli limakonda nthawi yomweyomweyo. Yankho lake ndi lakuti dziko lonse limafuna magetsi pa ola limodzi, ndipo ola limenelo ndi lomwe dzuwa, limene tsopano likutipangira gawo la magetsi athu, limakhala litapita. Banja limene lingasamutse ntchito zake zolemera kuchoka madzulo kupita masana limadzithandiza lokha, komanso limathandiza kuti magetsi a dzuwa ndi a madzi atikwanire popanda kudalira dizilo.

Magetsi alibe nkhokwe

Chimanga timakolola kamodzi pa chaka n'kuika m'nkhokwe kapena m'matumba, n'kumatapa pang'onopang'ono. Magetsi a m'mawaya sali choncho. Amene mukugwiritsa ntchito pa mphindi ino akupangidwa pa mphindi yomweyino, kwinakwake ku Shire kapena ku Salima. Mukayatsa ketulo, makina ena ake amayenera kuwonjezera mphamvu nthawi yomweyo. Anthu akafuna ochuluka kuposa amene makina angapange, a ESCOM amayenera kudula madera ena mosinthanasinthana, chifukwa akapanda kutero makina onse angaime ndipo dziko lonse lingakhale mumdima.

Kufuna magetsi sikufanana tsiku lonse. Pakati pa usiku n'kochepa, popeza anthu ali mtulo. Kumakwera m'mawa pamene tiyi akuphikidwa ndi mafakitale akutsegulidwa, ndipo kumafika pachimake madzulo, kuyambira cha m'ma 5 koloko mpaka cha m'ma 8 koloko usiku. Dziko limayenera kukhala ndi makina ndi mawaya okwanira maola atatu amenewa, ngakhale kuti nthawi zina zonse ena mwa makinawo amangokhala. N'chimodzimodzi mjigo wa m'mudzi: masana umakhala wopanda munthu, koma madzulo ndowa zimandandalika mpaka kumsewu.

Kumene magetsi athu amachokera

Kuyambira mu 1966 pamene siteshoni ya Nkula A inatsegulidwa, Malawi wakhala akudalira mtsinje umodzi. Masiteshoni a Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse ali pa Shire, ndipo pamodzi ndi kasiteshoni ka Wovwe ku Karonga angathe kupanga mamegawati pafupifupi 390 zonse zikamayenda bwino. Megawati imodzi ndi mawati 1,000,000. Kuchokera mu 2017 masiteshoniwa akuyendetsedwa ndi kampani ya EGENCO, ESCOM inatsala ndi ntchito yonyamula ndi kugulitsa magetsi, ndipo mitengo imavomerezedwa ndi bungwe la MERA.

Magetsi a madzi ndi abwino ndiponso otsika mtengo, koma kudalira mtsinje umodzi kwatiphunzitsa zowawa. Mvula itavuta mu 2015 ndi 2016, madzi a m'nyanja ya Malawi anatsika, Shire anachepa mphamvu, ndipo mu 2017 magetsi ankathima maola ambirimbiri pa tsiku, mpaka mu 2018 dziko linachita kubwereka majenereta a dizilo a kampani ya Aggreko. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi onse a madzi, ndipo siteshoniyo sinabwerere mpaka mu 2023. Kuwonjezera apo, matope ochokera m'minda ndi m'mapiri odulidwa mitengo, pamodzi ndi namasupuni, zimadzaza madamu ndi kutseka makina chaka ndi chaka.

Pofuna kusadalira Shire yekha, dziko linatembenukira ku dzuwa. Kumapeto kwa 2021 kampani ya JCM Power inatsegula munda wa sola wa mamegawati 60 ku Salima. Mu 2022 inatsegula wina wa mamegawati 20 ku Golomoti m'boma la Dedza, ndipo ku Nkhotakota kuli wina wa mamegawati 21. Itatuyi pamodzi ikupitirira pang'ono mamegawati 100, ndipo kwa dziko ngati lathu umenewo ndi mtolo waukulu.

Wantchito amene amaweruka msanga

Vuto la dzuwa ndi lodziwikiratu. Limagwira ntchito mwamphamvu kuyambira cha m'ma 9 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana, kenako n'kuyamba kufooka, ndipo pofika 6 koloko laweruka. Ndiye kuti pa nthawi imene nyumba zonse zikuyatsa zinthu, mamegawati 100 aja amakhala atachoka. Dzenje limeneli limakwiriridwa m'njira zitatu: kutsegulira madzi ambiri ku Shire, kuliza majenereta a dizilo monga a EGENCO amene ali ku Mapanga, kufupi ndi kwathu kuno pa msewu wa ku Zomba, kapena kuthimitsira anthu ena.

Dizilo timagula kunja ndi ndalama zakunja zomwe n'zosowa kale, ndipo magetsi ake ndi okwera mtengo kwambiri poyerekeza ndi a madzi. Ndalama zimenezo sizigwa kumwamba. Pamapeto pake zimalowa m'mawerengero amene amapita ku MERA popempha kukweza mtengo wa mayunitsi, ndipo wolipira ndi inu ndi ine.

Wina angafunse kuti bwanji osangosunga magetsi a masana m'mabatire. Zikuchitika ndithu: ku Golomoti kuli mabatire osunga mayunitsi 10,000. Koma tiyeni tiwerengere. Hotipuleti ya mawati 1,500 ikayaka mwamphamvu kwa maola awiri imadya mayunitsi atatu. Ndiye kuti mabatire onse a ku Golomoti angathe kuphikira nyemba nyumba pafupifupi 3,300 zokha madzulo amodzi. Mabatire ndi odula, ndipo padzapita nthawi kuti akwanire. Malo aakulu opangira magetsi amene akukonzedwa pa Mpatamanga, a mamegawati oposa 350, cholinga chake china n'chomwechi, kusunga madzi m'damu kuti adzatsegulidwe pa maola ovutawa, koma kumanga damu kumatenga zaka.

Pali njira ina imene sifuna ngongole ya ku banki yakunja. Tiyerekeze kuti nyumba 20,000 m'dziko muno zaleka kusita madzulo n'kumasita masana. Ayironi imodzi imakoka mawati pafupifupi 1,000, choncho zikanakhala kuti zonse zimayaka pamodzi, pamenepo pachoka mamegawati 20, ofanana ndi munda wonse wa sola wa ku Golomoti. Zovala zasitidwabe, palibe amene wamanidwa kanthu, koma zasitidwa ndi dzuwa m'malo mwa dizilo. Komanso sola ikamasenza katundu masana, madzi ena angathe kudikira m'madamu a pa Shire, ngakhale ndi aang'ono, kuti agwire ntchito madzulo.

Kodi mita yanga idziwa kuti ndasita masana?

Apa m'pofunika kunena zoona. Mita ya m'nyumba yogulira mayunitsi siona koloko. Yuniti imodzi, yomwe ndi mawati 1,000 ogwiritsidwa ntchito kwa ola limodzi, mtengo wake ndi womwewo masana kapena usiku. M'maiko ena si choncho. Ku Britain kuli mtengo wotchedwa Economy 7 umene unayamba mu 1978, wotsitsa magetsi kwa maola 7 a usiku. Abale athu amene ali ku Joni amadziwa mmene Eskom imapemphera anthu pa TV kuti azimitse zinthu zolemera pakati pa 5 koloko madzulo ndi 9 koloko usiku. Kuno kwathu mitengo yosiyana malinga ndi nthawi ilipo, koma ndi ya makasitomala akuluakulu monga mafakitale ndi malo ena ogwiritsa ntchito magetsi ambiri. Iwowa amalipira zambiri pa maola otanganidwa, komanso amalipira malinga ndi mphamvu yaikulu koposa imene akoka pa nthawi imodzi. Sukulu yogonera kapena chipatala chimene chili pa mtengo wotere chimapulumutsa ndalama zenizeni ngati kuchapa, kupopa madzi ndi kuphika zikonzedwa kuti zisachitikire pamodzi.

Nanga banja wamba limapindula pati? Pali malo anayi.

Poyamba, magetsi akathima mphika uli pamoto mumalipira kawiri: mayunitsi amene apita kale, ndi makala omalizira. Amene waphika ndiwo masana satumanso mwana kukagula makala usiku, ndipo mtengo wina ku phiri wapulumuka.

Chachiwiri, ntchito ikakonzedweratu imadya zochepa. Kusita malaya amodzi m'mawa uliwonse kumatanthauza kutenthetsa ayironi yozizira kasanu ndi kawiri pa mlungu, pamene kusita zonse nthawi imodzi kumaitenthetsa kamodzi. Nyemba zoviikidwa usiku wonse zimapsa msanga kwambiri kusiyana ndi zongotsanulira mumphika.

Chachitatu, pa mitengo imene yakhala ikugwira ntchito zaka zaposachedwapa, mayunitsi 50 oyambirira a pa mwezi m'nyumba amagulitsidwa motsikirapo, ndipo opitirira pamenepo amakwera. Yuniti iliyonse imene mwaipewa pamwamba pa 50 ndi ya mtengo wokwerawo.

Chachinayi, madzulo thiransifoma ya pa msika ikalemedwa mphamvu ya magetsi imatsika, ndipo mota ya firiji kapena ya pampu imatentha ikamagwira ntchito pa mphamvu yoperewera. Kukonzetsa firiji kumadya ndalama zoposa mayunitsi a miyezi ingapo. Thiransifoma nayo ikapsa chifukwa cholemedwa, dera lonse limakhala mumdima mpaka ina itapezeka.

Zolemera ndi zimene zimatenthetsa

Si chinthu chilichonse choyenera kuchisamutsa. Lamulo losavuta ndi ili: chimene chimatulutsa kutentha ndicho chimakoka magetsi ambiri. Babu la LED limakoka mawati pafupifupi 9, kutchaja foni kumakoka pakati pa 5 ndi 10, TV yamakono siposa 100 kawirikawiri. Koma ayironi imakoka 1,000 kapena kuposa, hotipuleti 1,000 mpaka 1,500 pa mbale imodzi, ketulo pafupifupi 2,000, ndipo giza imafika 3,000. Ketulo imodzi ikamayaka imakoka mphamvu yoposa ya mababu a LED 200. Choncho palibe chifukwa choletsa mwana kuwerenga usiku pofuna kuthandiza dziko. Zoyenera kuyang'ana ndi zinayi zotenthetsazo.

Kusita ndiye kosavuta kuposa zonse. Sankhani tsiku limodzi kapena awiri pa mlungu, pakati pa 10 koloko ndi 3 koloko. Ambiri a ife tinazolowera kale kumaliza kusita ndi kuphika Lachisanu dzuwa lisanalowe pokonzekera Sabata, choncho tikudziwa kuti n'zotheka. Chofunika n'kungoyamba msanga m'malo mothamangathamanga cha m'ma 5 koloko. Kwa ogwira ntchito ku Limbe amene amachoka mbandakucha n'kubwerera kutada, Lamulungu masana ndi nthawi yabwino, chifukwa mafakitale ambiri amakhala otseka.

Ndiwo zochedwa kupsa, monga nyemba, nandolo wouma ndi khobwe, ziphikidwe pobwera kumunda cha m'ma 10 kapena 11 koloko. Zikawira bwino kwa kanthawi, mphika ungathe kuchotsedwa pamoto n'kukulungidwa ndi nsalu zokhuthala m'dengu lovundikira bwino, momwe zimapitiriza kupsa ndi kutentha kwake komwe. Amene angakwanitse kugula mphika wa magetsi wophika ndi nthunzi yotsekeredwa adzaona kuti nyemba zimapsa mu ola limodzi kapena kuchepera, ndi yuniti yosakwana imodzi.

Madzi osamba nawo amadya mobisa. Kufunditsa ndowa ya malita 20 kumatenga pafupifupi theka la yuniti, ndiye kuti munthu mmodzi wosamba madzi ofunda tsiku lililonse amamaliza mayunitsi 15 pa mwezi. Chigubu chakuda choikidwa padzuwa kuyambira m'mawa chimagwira ntchito yomweyo kwaulere miyezi yambiri ya pa chaka. Madzi a tiyi wa madzulo angawiritsidwe masana n'kusungidwa mu fulasiki. Amene ali ndi giza aiyatse masana n'kuizimitsa 5 koloko isanakwane.

Ku msika nakonso kuli zosamutsa. Kukagayitsa masana m'malo modikira madzulo kumathandiza mwini chigayo kutseka nthawi yabwino. Owotcherera zitsulo ndi opopa madzi othirira kudimba akamaliza ntchito yawo dzuwa lisanapendeke, mababu a anansi awo safooka.

Kwa amene ali ndi sola pa denga

Tisaiwale kuti nyumba zambiri kwa Kadewere zilibe waya wa ESCOM. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko lonse ndi nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse zimene zinkaunikira magetsi, ndipo kumudzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Ntchito ya MAREP yafikitsa mawaya m'misika yambiri, koma mabanja ochuluka amadalira tochi kapena kasola kawo. Kwa iwowa nkhani ya nthawi imakhudza thumba mwachindunji.

Panelo ya mawati 100 imapanga pafupifupi theka la yuniti pa tsiku la dzuwa labwino. Batire ikadzaza, mwina cha m'ma 12 koloko, kachipangizo koteteza batire kamadula, ndipo mphamvu yotsala ya masanawo imangotayika ngati palibe choitenga. Ndiye foni, tochi, wailesi, laputopu ndi makina ometera zitchajidwe pakati pa 10 koloko ndi 3 koloko, pamene zikumwa kuchokera ku panelo, kuti batire isungire kuunikira usiku. Amene amatchaja zonsezi usiku amakama batire mpaka kuuma, ndipo mabatire a asidi amene ambiri timagula safuna kutsitsidwa kupitirira theka. Batire yokamidwa tsiku ndi tsiku imafa msanga, pamene yosamalidwa imatha zaka zingapo, ndipo batire ndi imene imadula kwambiri pa zipangizo zonse za sola.

Panelo iyang'ane kumpoto, popeza tili kumwera kwa dziko lapansi ndipo dzuwa limadutsa chakumpoto miyezi yambiri. Ipendeketsedwe pang'ono kuti mvula izitsuka, ndipo m'chilimwe izipukutidwa fumbi ndi nsalu yonyowa m'mawa isanatenthe. M'miyezi ya June ndi July chiperoni chikaphimba phiri la Chiradzulu masiku angapo, chepetsani TV kuti batire isagwe. Ayironi, ketulo ndi hotipuleti si za kasola kotere ngakhale masana.

Zimene sizingasunthike

Nsima ya madzulo imadyedwa yotentha, ndipo palibe amene akunena kuti iphikidwe masana. Koma ngati ndiwo zapsa kale, chotsala ndi nsima ndi kutenthetsa ndiwozo, ntchito ya theka la ola m'malo mwa maola awiri kapena atatu. Firiji isamazimitsidwe madzulo pofuna kuthandiza, chifukwa chakudya chingaonongeke. Chongofunika n'kusaitsegulatsegula ndi kusaikamo zinthu zotentha.

Pali zochenjeza ziwiri. Musasiye hotipuleti kapena ayironi ikuyaka pakhomo popanda munthu wamkulu, ngakhale mutafuna kupezerapo mwayi wa masana. Ndipo ndiwo zophikidwa masana zikazizira ziyenera kuwiritsidwanso mpaka kubwadamuka zisanadyedwe, makamaka m'miyezi yotentha ya October ndi November, chifukwa chakudya chofunda chokhalitsa ndi malo oswanirana tizilombo totsegula m'mimba. Chinanso, magetsi akathima zimitsani zotenthetsa zonse pa khoma. Akabwera, dikirani mphindi zingapo musanaziyatse, chifukwa nyumba zonse zikakokera pamodzi nthawi imodzi waya umalemedwa n'kudukanso, komanso ayironi yoiwalika ingayatse nyumba muli mtulo.

Yesani mlungu umodzi

Kwa ophunzira amene mukupita kutchuthi, nayi ntchito yoti mukachite kunyumba. Lembani mayunitsi otsala pa mita madzulo aliwonse pa ola lomwelo kwa masiku 7, banja likuchita monga mwa masiku onse, ndipo lembaninso ndalama zimene zapita ku makala ndi makandulo. Mlungu wachiwiri gwirizanani ndi a pakhomo kusita kamodzi masana, kuviika nyemba, kuphika ndiwo dzuwa lili pamutu ndi kufunditsa madzi m'chigubu. Kenako yerekezani manambala awiriwo n'kuwaonetsa makolo. Akuluakulu sakopeka ndi mawu a mwana wobwera ku koleji, koma pepala loonetsa kuti mayunitsi a mwezi uno afika patali amaliwerenga mwachidwi.

Ku hositelo n'chimodzimodzi. Maketulo ndi maayironi onse akamayaka 6 koloko madzulo, sukulu imalemedwa, ndipo ndalama za magetsi zimachokera ku fizi yomwe makolo athu amalipira. Nyumba imodzi kapena chipinda chimodzi sichingasinthe mmene Shire amayendera, koma akale anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Minda ya sola yamangidwa kale ndipo ina ikubwera. Phindu lake lidzakula ngati ntchito zathu zolemera zizikumana ndi dzuwa likadali kumwamba.